Kumanga khitchini yapanja yolandirira alendo: yambirani pa mphika wa nsima

Anthu ambiri akandiitana kuti ndikawamangire khitchini yapanja amayamba ndi kundionetsa chithunzi pa foni: powotchera nyama pofika m'chiuno, matailosi onyezimira, mipando italiitali. Zambiri mwa zithunzizi ndi za ku South Africa, kumene phwando limazungulira nyama yowotcha. Kwathu kuno phwando ndi nsima. Kukakhala chinkhoswe, kapena a mpingo akabwera kudzaona mwana, ntchito yaikulu ili pa mphika wa anthu 30 kapena 40. Khitchini yomwe sinaganizire mphika umenewu mudzaiona tsiku la alendo: amayi akuyala mafuwa kuseri kwa nyumba, khitchini yodulayo ili chikhalire. Ine zimenezi zimandiwawa, chifukwa simenti ndi ndalama.

Musanagule njerwa ngakhale imodzi, dziwani kolowera utsi. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, wochokera kummwera chakum'mawa, ndipo nyengo ya mvula mphepo imakonda kutembenuka n'kuchokera kumpoto. Koma pabwalo lililonse mpanda, mitengo ndi nyumba za aneba zimaipotoza mwa njira yakeyake. Ine ndimasonkha kamoto ka masamba pamalo pomwe eni nyumba asankha, cha m'ma 3 koloko masana, nthawi yomwe alendo amakhala akudya, n'kuimirira poteropo kuona utsi. Ukalunjika pawindo la kuchipinda, pachingwe choyanikapo zovala kapena pakhonde la aneba, timasuntha. Khoma lalitali limangidwe mbali yochokera mwera, mbali zinazo zikhale zotsegula kapena za khoma lofika m'chiuno. Malowo atalikirane ndi chimbudzi ndi dzala, koma asapitirire masitepe khumi kuchokera pakhomo lakuseri, chifukwa mchere, mbale ndi za mufiriji zizichokerabe m'nyumba. Ngati muli mumzinda, funsani kaye ku khonsolo za pulani, ndipo ngati nyumbayo ndi ya lendi gwirizanani ndi eni ake polemba.

Pansi sipafuna nzeru zambiri. Mamita 3 m'lifupi ndi 4 m'litali amakwanira banja lapakatikati. Konkire ikhale yochindikala masentimita 10, muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga wa kumtsinje, inayi ya miyala, ndipo ikwere masentimita 15 pamwamba pa nthaka kuti madzi a mvula asamalowe. Ipendekeke pang'ono, sentimita imodzi kapena awiri pa mita iliyonse, kuti mukakolopa madzi azituluka okha. Ithirireni madzi sabata yathunthu isanapondedwe ndi katundu wolemera. Musalole mmisiri aisalaze ngati pabalaza. Mafuta akadontha pa simenti yosalala, munthu wonyamula poto wa madzi owira amagwa.

Tsopano moto, pomwe pali nkhani yonse.

Wovundula nsima yambiri sagwiritsa manja okha. Amaweramira pa mthiko ndi thupi lonse, mapazi atatangadza, wina atagwira mphika kuti usagwedezeke. Ndiye chitofu cha nsima chikhale chachifupi, masentimita 30 mpaka 40 kuchokera pansi, kuti kukamwa kwa mphika kufike cha m'mawondo kapena pamwambako pang'ono. Muyezo weniweni sindiutenga pa tepi. Ndimapempha kuti amayi a pakhomopo, kapena alamu amene amaphika pakagwa zochitika, abwere ndi mphika wawo waukulu ndi mthiko wake. Timasanjikiza njerwa popanda matope, kuikapo mphikawo, iwo n'kuyeserera kuvundula. Akati "apa msana upweteka", timachotsa mzere umodzi. Akagwedeza mutu kuti zili bwino, m'pamene ndimasakaniza matope. Bowo lokhalapo mphika liyezedwenso pa mphika womwewo, ulowe pang'ono m'kati, kusiya mpata wa chala chimodzi kuzungulira kuti moto uzinyambita m'mbali. Chitofuchi musachikanikize pakona. Siyani mita yathunthu kutsogolo ndi mbali imodzi, poima wogwira mphika ndi woomola.

Amene anaonapo mbaula za njerwa za Changu Changu Moto zomwe zafala ku Nkhata Bay akudziwa kuti moto wotsekeredwa bwino umadya tinkhuni tochepa kusiyana ndi mafuwa. Nzeru ya chitofu cha nsimachi ndi yomweyo: khomo la nkhuni laling'ono, mpweya uzilowa pansi pa nkhuni, moto uzikwera molunjika kumphika. M'kati momwe mumayaka moto musapakemo simenti, imang'aluka ndi kutentha. Gwiritsani dothi la pachulu losakaniza ndi mchenga, ndipo likayamba ming'alu mumangomata lina. Simenti ikhale ya kunja kokha.

Powotchera nyama ndi chambo ndi pamene pafunika kutalika, masentimita 85 mpaka 90, chifukwa wowotcha amaimirira nthawi yaitali. Pitani kwa owotcherera zitsulo akupangireni waya wa nthambo zokhuthala wokhala ndi zogwirira, ndipo m'khoma musiye timashelefu titatu kuti wayayo muzimukweza kapena kumutsitsa. Chambo chimafuna moto wofatsa, nyama ya mbuzi yoduladula imafuna kuyandikira makala. Chonde musawotchere pa shelefu ya firiji yakale kapena waya wa mpanda. Zitsulo zimenezi anazikutira mankhwala oletsa dzimbiri omwe sayenera kukhudza chakudya zikapsa. Pambali pake pakhale tebulo la konkire lotalika mofanana, lodulirapo ndiwo ndi kuikapo mabeseni, m'lifupi masentimita 60.

Za makala ndinene mosabisa. Lamulo la nkhalango lomwe linakonzedwanso mu 2020 linakhwimitsa chilango kwa opanga ndi ogulitsa makala opanda chilolezo, ndipo aliyense wodutsa ku nkhalango ya Dzalanyama akuona yekha chifukwa chake. Mangani khitchini yoti izitha kugwiritsa mabriketi (makala oumbidwa kuchokera ku zinyalala monga utuchi), zitsononkho ndi nthambi zosadza m'mitengo yanu. Ngati thumba likulola, siyani malo a gasi ophikira tiyi, mpunga ndi ndiwo zofulumira. Silinda ikhale choimirira, kumapeto kwina kutali ndi moto wa nkhuni, m'kabati yokhala ndi mabowo m'munsi, popeza gasi akatayika amalemera kuposa mpweya ndipo amadzikundikira pansi.

Denga la udzu limakongola ndipo limazizira, koma pamwamba pa moto ayi. Pophikira pafoleredwe malata, okwera mamita awiri ndi theka kapena kuposa, otulukira kunja masentimita 60 kuti mvula yamphepo isafike pachitofu. Chumuni cha chitofu chipitirire denga ndi masentimita 60, ndipo chisakhudzane ndi mtengo uliwonse wa denga. Pakati pa khoma ndi malata siyani mpata. Makala amatulutsa mpweya wakupha wosaoneka ndi wosanunkha, choncho ngakhale kuzizire bwanji mu Juni, musatchinge mbali zonse ndi mapepala apulasitiki. Nsanamira za bulugamu zisakwiriridwe m'dothi, chiswe sichichedwa. Zikhale pa chitsulo chomizidwa mu konkire.

Anthu ambiri amaiwala za madzi mpaka tsiku loyamba lotsuka mbale 50. Kokani paipi ifike pa sinki yakuya yolowa mphika waukulu, ndipo pambali paikidwe mgolo wa malita 200 wovundikira, wa masiku omwe mpopi wauma. Madzi otsukira asamangotayikira pabwalo, amaitana ntchentche ndi udzudzu. Kumbani dzenje lakuya mita imodzi kapena kuposa, kutali ndi maziko a nyumba, mudzazemo miyala, paipi izithira m'menemo. Thandala la mbale likhale padzuwa pafupi ndi sinki. Ikaninso kampopi kena kapena ndowa ya mpopi panjira yolowera alendo, kuti osamba m'manja asamadutse pakati pa ophika.

Pokhala alendo pakhale mbali yomwe utsi sufika, mamita atatu kapena anayi kuchokera pamoto, pafupi moti wowotcha nyama azimva nawo nkhani. Ngati pali mtengo wa mango, mthunzi mwaupeza kale. Benchi ya njerwa m'mbali mwa khoma ndi yotsika mtengo, koma musadzaze bwalo lonse ndi mipando yomangiratu. Agogo ambiri amamasuka pa mkeka atatambasula miyendo, ndipo m'mabanja omwe mkamwini sadyera pamodzi ndi apongozi pamafunika malo awiri osayang'anizana. Ana nawo azikhala ndi njira yawo yothamangira yosadutsa pachitofu.

Nyali imodzi ikhale pamwamba pa powotchera, osati kumbuyo kwa wophika, kuti chithunzithunzi chake chisabise nyama. Ya sola imathandiza magetsi akazima. Mawaya alumikize wodziwa ntchito ya magetsi, ndipo soketi ikhale yovundikira, kutali ndi sinki.

Ndalama zikakhala zochepa, mangani motsatana chonchi: konkire ya pansi ndi paipi ya madzi oipa, chitofu cha nsima, denga, kenako powotchera nyama. Matailosi angadikire chaka chamawa. Ntchitoyi yambani mvula ikatha, cha mu Meyi, ndipo chitofu chikatha chisiyeni chiume milungu iwiri, kenako muyambe ndi kamoto kakang'ono masiku angapo musanaikepo mphika waukulu.