Momwe mungapezere ndalama pojambula pamanja ndi kupanga anthu a m'makatuni

Achinyamata aluso lojambula alipo ambiri m'Malawi muno. Chimene chimawagwetsa kawirikawiri ndi kugwira pensulo asanamvane ndi kasitomala. Ngati mukufuna kudzilemba nokha ntchito imeneyi, yendani motere.

Choyamba, konzani zoonetsa. Sankhani zithunzi 10 kapena 12 zimene mumazinyadira, muziike pa Behance (tsamba la pa intaneti loonetserapo ntchito za ojambula), Instagram kapena Facebook. Musadzaze tsamba ndi makatuni okopera a ku Japan. Amene amapereka ntchito kuno ndi mabungwe omwe si aboma, osindikiza mabuku a ana, manyuzipepala ndi amalonda, ndipo iwo amafuna kuona ngati mungajambule mayi wobereka mwana pachitenje, wakabaza atanyamula thumba la makala, kapena agogo akupeta chimanga, osaoneka ngati alendo m'mudzi mwawo.

Chachiwiri ndi zida, ndipo apa musadandaule kwambiri. Mapulogalamu ojambulira a Krita ndi Inkscape ndi aulere pa kompyuta, ibisPaint imagwira pa foni. Pepala ndi pensulo nazonso n'zokwanira poyambira. Chachikulu, sungani ntchito yanu malo awiri, pa fulashi ndi pa Google Drive, chifukwa magetsi satsanzika.

Chachitatu, mupangeni munthu wa m'katuniyo m'maganizo asanafike papepala. Ali ndi zaka zingati? Amakhala ku Ndirande kapena kumudzi ku Ntchisi? Ndi wamanyazi kapena wolongolola? Mayankho ake ndi amene amakuuzani kaimidwe kake ndi zovala zake. Kenako mujambuleni kutsogolo, cham'mbali ndi kumbuyo, muwonjezere nkhope zisanu: akuseka, wakwiya, akulira, wadabwa, ali ndi mantha. Mpatseni chizindikiro chimodzi chosaiwalika, kaya mpata wa m'mano, kaya chipewa chopindika, kaya duku lomangira kumbali. Pomaliza mudetseni yense ndi inki yakuda. Ngati mwana angamuzindikire poona mthunzi wakewo, mwakhoza. Ngati ayi, bwererani. Pepala limeneli ndi limene lidzakuthandizeni kuti munthu wa patsamba 3 asasanduke wina patsamba 20.

Chachinayi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, mvanani polemba. Uthenga wa pa WhatsApp ndi wabwino kusiyana ndi mawu a pakamwa. Mulembe chiwerengero cha zithunzi, mtengo, tsiku lomaliza, komanso kuti kasitomala angasinthitse kangati. Ine ndimati kawiri basi, kupitirira apo alipirenso. Mawu akuti "tangosinthani pang'ono apa" anandidyerapo milungu itatu pa ntchito ya masiku anayi, kufikira munthu amene ndinkajambula anabwerera momwe analili poyamba. Landirani theka la ndalama musanayambe, pa Airtel Money, Mpamba kapena kubanki. Potumiza zoti aone, tumizani zazing'ono zolembedwa dzina lanu pakati. Mafayilo enieni apite ndalama yotsala italowa. Wina akakuuzani kuti "tilibe bajeti koma tikutchukitsani", muyankheni mwaulemu kuti kutchuka sikugula ufa.

M'mgwirizano momwemo tchulani kumene chithunzicho chikagwire ntchito. Amene walipira chithunzi cha m'buku sanalipire choti achisindikize pa malaya, pa kalendala ndi pa zikwangwani zam'misewu. Akafuna kukhala mwini wa munthu amene mwapangayo, mtengo ukwere. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza ojambula, ndipo bungwe loona za nkhanizi ndi COSOMA. Pitani mukafunse za kulembetsa.

Chachisanu, perekani mafayilo oyenera. Zokasindikiza zikhale pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse), mitundu yake ya CMYK (ya inki ya makina osindikizira), ndipo chithunzi chipitirire malire a tsamba ndi mamilimita atatu kuti podula pasatsale mzere woyera. Za pa intaneti zikhale za RGB (mitundu ya pa sikirini), mu fayilo ya PNG kapena JPG. Mukasokoneza CMYK ndi RGB, mtundu wowala umene munauona pa kompyuta umatuluka wozilala papepala, ndipo mlandu umagwera inu.

Chotsiriza ndi mapepala. Mabungwe ambiri salipira popanda invoisi ndi nambala ya msonkho ya TPIN, yomwe mumatenga ku MRA. Akadula msonkho pa malipiro anu, pemphani chikalata chotsimikizira, muchisunge pamodzi ndi invoisi ya ntchito imeneyo.