Momwe mungakonzere tsiku la masewera a RPG mu Lusaka osaluza ndalama zanu

Amene mumasewera ma RPG, masewera opeka nthano pa tebulo monga Dungeons & Dragons (D&D) kapena Pathfinder, kunyumba kwa mnzanu ku Chilenje kapena ku Kabwata mukudziwa momwe zimakhalira, anthu asanu pa tebulo, madayisi, wina akuyendetsa nkhani enanu aliyense ndi kalakitala wake, maola anayi kutha osadziwa. Ndiye tsiku lina mu gulupu ya WhatsApp wina amati bwanji tipange chachikulu, tiitane anthu, tibweleke holo. Ganizo labwino ndithu, koma ndi pomwepa pamene ndalama za munthu mmodzi zimamira, chifukwa aliyense amawerenga anthu amene abwere pamene chofunika kuwerenga ndi matebulo.

1. Yambani ndi ma GM, holo ibwera pambuyo

Tsiku la RPG silili ngati shoo ya oimba yoti anthu akachuluka mungowonjezera mipando kumbuyo. Tebulo lililonse limafuna GM (Game Master) wake, woyendetsa nkhani uja, munthu amene wawerenga nkhani yonse, wakonza mapu, ndipo alankhula maola anayi mpaka mawu kusasa. GM mmodzi amakwanitsa anthu asanu, asanu ndi mmodzi mukamukakamiza, kupitirira apo ena amangokhala pa foni kudikira kuti nthawi yawo ifike. Choncho ngati muli ndi ma GM atatu otsimikizika, tsiku lanu ndi la anthu 15 pa nthawi imodzi basi, kaya posta yanu yalandira ma like angati pa Facebook.

Lembani mayina awo, muwaimbire foni mmodzimmodzi osati kungodalira kuti anaika chala mu gulupu, ndipo musunge GM mmodzi wopanda tebulo. Pa tsikulo wina adzapita ku maliro, wina ku kitchen party, izi muziyembekezere.

2. Gawani tsiku, mugulitse mpando

Ku misonkhano ikuluikulu tsiku amaligawa m'magawo a maola pafupifupi anayi. Kuno magawo awiri akwana, la m'mawa 09:00 mpaka 13:00 ndi la masana 14:00 mpaka 18:00. Lachitatu la usiku lisiyeni, anthu ambiri amadalira minibasi ndipo wa ku Matero kapena ku Chawama sangakhale mpaka 22:00 kuti akalipire Yango yodula kuposa tikiti.

Gen Con, womwe ndi msonkhano waukulu wa masewera a pa tebulo ku America, umalipiritsa kawiri, baji yolowera kenako tikiti ya masewera aliwonse amene mukufuna kukhalapo. Anthu oposa 70,000 amapita kumeneko ku Indianapolis masiku ano, koma chiyambi chake ndi chomwe chingatithandize ife. Mu 1968 Gary Gygax, mmodzi mwa amene anadzapanga D&D, anabweleka holo mu tauni ya Lake Geneva ndi madola 50, polowa munthu amalipira dola imodzi, anabwera anthu pafupifupi 100. Holo inalipirika ndi tikiti yotchipa chifukwa holoyo inali yaing'ono. Nthawi imeneyo D&D kunalibe nkomwe, inadzatuluka mu 1974.

Kwa ife kulipiritsa kawiri kungosokoneza anthu. Gulitsani mpando wa gawo limodzi, wofuna tsiku lonse mumuchotsereko pang'ono.

3. Masamu ake, apa musathamange

Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu mukafunsa mitengo. Tinene kuti holo ndi K1,500, kupulinta mapepala a makalakitala ndi mapu K300, chakudya ndi madzi a ma GM K400, thiransipoti yawo K300. Zonse K2,500. Muli ndi matebulo asanu, anthu asanu pa tebulo, magawo awiri, ndiye mipando 50.

Apa mutu umakuuzani kuti 2,500 kugawa ndi 50, tikiti K50, zatheka. Ayi ndithu. Tsiku loyamba matebulo sadzadza, werengerani anthu atatu pa tebulo, mipando 30. Pa K50 mwatolera K1,500, ndipo K1,000 yotsalayo ituluka m'thumba mwa uja anasaina ku holo, amene nthawi zambiri ndi inuyo. Kuti zikwane tikiti iyenera kukhala K85, manje funsani mwana wa ku UNZA ngati angatulutse K85 kuti ayese masewera amene sanawaonepo.

Tikiti ikakwera choncho musayambe kudzilimbitsa mtima kuti anthu abwera ambiri, dulani zolipira. Chotsani holo pa masamu aja mutsala ndi K1,000, kugawa ndi 30, tikiti ya K35 ikukwana. Ndichifukwa chake ine ndimati chaka choyamba iwalani maloto a Mulungushi kapena ku Showgrounds, lankhulani ndi mwini ka lesitilanti kamene kamakhala kopanda anthu Loweruka m'mawa, mumuuze kuti mukumubweretsera anthu 20 amene akhale tsiku lonse akugula chips ndi zakumwa. Ku America masitolo a masewera amapereka matebulo ulere chifukwa osewerawo amagula mabuku ndi madayisi pomwepo, kuno masitolo otere ndi osowa ndiye wogulitsa chakudya ndi amene angapindule nanu. Mugwirizane kuti palibe wolowa ndi chakudya chake, ndipo mugwirizane polemba, ngakhale pa meseji.

Malaiti funsani msanga. Ubwino wa masewerawa safuna magetsi, pepala ndi pensulo basi, choncho sankhani malo a mawindo aakulu kapena khonde kuti lodi shedingi ikabwera musalipire mafuta a jenereta. Koma pakati pa Novembala ndi Malichi panja musadalire, ndipo denga la malata mvula ikagwa GM samveka.

4. Muuzeni mwini malo zomwe mudzachite

Ili ndi la kwathu kuno ndipo limadya ndalama mukalinyalanyaza. Maholo otchipa ambiri ndi a matchalitchi ndi masukulu. Akeyateka akalowa n'kupeza anyamata ndi atsikana azungulira tebulo akuponya madayisi, ndalama zikusinthana pakhomo, iwo aona juga. Akamvanso wina akukuwa zoti waponya moto pa chiwanda, nkhani yasanduka ya usatana, ndipo mutha kutulutsidwa masana dipoziti osabwezedwa. Si ife tokha, ku America komweko m'zaka za m'ma 1980 makolo ndi mipingo ina anailimbana nayo kwambiri D&D pa zifukwa zomwezi.

Ndiye pitani kwa abusa kapena ahedi musanalipire, muwaonetse buku ndi madayisi, munene kuti ndi nthano imene anthu amapeka limodzi ndipo palibe wobetcha. Akakayika musakangane nawo, thokozani mukafune kwina. Pa chifukwa chomwecho mphotho ya ndalama musaike. Mukafuna kupatsa anthu kanthu, seti ya madayisi ikwana.

5. Tolerani ndalama tsiku lisanafike

Airtel Money kapena MoMo, nambala imodzi, munthu mmodzi wosunga, ndipo dzina lilowe pa tebulo pokhapokha ndalama zalowa. Za ndidzalipira pakhomo zija ndi zomwe zimasiya GM atakhala ndi anthu awiri. Ikani tsiku lotsekera, ngati pofika tsikulo ndalama za malo sizinakwane sunthani deti musanapereke dipoziti. Polembetsa matebulo Google Forms ikwana, ilipo ndi webusaiti yotchedwa Warhorn imene anaipangira ntchito yomweyi.

GM salipira, iyi isakhale nkhani yokambirana. Ngakhale ku misonkhano ikuluikulu woyendetsa masewera maola okwanira amapatsidwa baji ulere kapena kubwezeredwa ndalama yake. Inu mulibe zambiri zomupatsa koma nsima ya masana, madzi ndi ya basi zisalephere, ndipo ngati wayendetsa m'mawa mpatseni mpando masana nayenso asewereko. GM akatopa n'kusiya mwataya mipando isanu pa gawo lililonse mpaka mutaphunzitsa wina, zomwe zimatenga miyezi.

6. Chobweretsanso anthu mwezi wamawa

Tsiku limodzi lokha silibweza ndalama za mabuku ndi madayisi, zimabwera anthu akamabwerera. Makampani anazindikira izi kalekale. TSR, kampani imene inatulutsa D&D poyamba, inayambitsa gulu la osewera lotchedwa RPGA mu 1980, Paizo yopanga Pathfinder inayambitsa lake lotchedwa Pathfinder Society mu 2008, ndipo Wizards of the Coast yomwe imapanga D&D masiku ano inabweretsa Adventurers League mu 2014. Nzeru yake ndi imodzi, kalakitala wanu ndi wanu, mukamaliza masewera zomwe wapeza zimalembedwa pa pepala, ndipo mutha kupita naye pa tebulo la GM wina, ngakhale ku Johannesburg kapena ku London, bola akutsata malamulo omwewo. Munthu amene kalakitala wake watsala pang'ono kukwera levo simuchita kumunyengerera kuti abwerenso.

Kampani imachita izi kuti igulitse mabuku, tisanamizane, ndipo ntchito yambiri imagwiridwa ndi anthu ongodzipereka. Komabe ife tingadyepo. Kulowa ndi ulere, nkhani zake zinalembedwa kale kuti zithe mu gawo limodzi, za Adventurers League zimagulitsidwa ngati PDF pa DMs Guild, za Pathfinder Society pa webusaiti ya Paizo, madola ochepa iliyonse, ndipo mukagula imodzi GM atha kuiyendetsa kambirimbiri kwa anthu osiyana. Malamulo oyambira a D&D alipo aulere pa intaneti, a Pathfinder ali pa Archives of Nethys. Mabuku enieni ndi odula, kuwonjezera shipingi ndi momwe dola imavutira, choncho musaike pa bajeti ya tsiku loyamba. Pangani chilimba cha gulupu mugule limodzi limodzi, kapena mutume wobwera kuchokera ku South Africa.

Chenjezo limodzi, mu Adventurers League makalakitala amagawidwa potengera levo, 1 mpaka 4 paokha, 5 mpaka 10 paokha. Pakapita miyezi akale onse adzakhala atakwera, watsopano akabwera apeza palibe pokhala. Nthawi zonse siyani tebulo limodzi la oyamba kumene, makalakitala opanga kale atapulintidwa, ndipo muikepo GM wanu woleza mtima kwambiri osati wodziwa malamulo kwambiri.

7. Ogulitsa ndi masiponsa

Wojambula zithunzi kapena wogulitsa ma T-shirt akafuna tebulo mulipiritseni pang'ono, koma ndalama imeneyo ndi ya siponsa musaiwerengere pa masamu aja mpaka italowa mu foni.

8. Mukamaliza

Usiku womwewo lembani mu gulupu zomwe zalowa ndi zomwe zatuluka, ngwee iliyonse, ndi zithunzi za malisiti. Magulu ambiri amatha chifukwa cha K200 imene palibe akudziwa komwe inapita. Zotsala zisagawidwe, zikhale dipoziti ya ulendo wotsatira, ndipo deti yake muilengeze anthu asanatuluke pakhomo. Gulu likadzakula mpaka kufuna akaunti ya ku banki, pamenepo mukafunse za kulembetsa kwa Registrar of Societies kuti ndalama zichoke pa nambala ya munthu mmodzi. Ndipo pa anthu amene asewera tsikulo yang'anani uja amafunsa mafunso ambiri za malamulo, mumubwereke buku apite nalo, mumuuze kuti mwezi wamawa tebulo la oyamba kumene ayendetsa limodzi ndi inu.