Msipu ukatha kumudzi: momwe mungalembetsere ziweto zanu kuti boma likuthandizeni

Ambiri a ife kuno ku Lusaka tili ndi ng'ombe zomwe sitiziona. Zili ku Katete, ku Petauke kapena pafupi pompano ku Chongwe, m'manja mwa amalume ndi kamnyamata kobusa. Foni ikalira kuti "dambo lauma, ng'ombe zayamba kugwa", timangotumiza ya gaga n'kukhala chete. Pamenepo ndiye timalakwitsa, chifukwa thandizo la boma limatsata mayina olembedwa kumudzi, osati mwini ng'ombe wokhala ku Chawama.

Kumbukirani chilala cha El Niño. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema adalengeza kuti dziko lagwa m'ngozi, ndipo maboma 84 mwa 116 ndiwo adakhudzidwa. Ntchito zotere amayendetsa ndi a DMMU, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, omwe ali pansi pa ofesi ya Wachiwiri kwa Pulezidenti, koma mayina amayambira pansi, m'makomiti a m'midzi, n'kukwera mpaka kwa DC, mkulu woyang'anira boma lanulo.

Choyamba, werengani ziweto zili m'khola. Lembani m'kope: zazikazi zingati, nkhunzi, ng'ombe zolimira, ana, ndi zomwe zafa kale pamodzi ndi tsiku lake. Uzani wakumudzi ajambule pafoni, chizindikiro chanu cha pachikopa chioneke. Ng'ombe yoonekera nthiti imadzinenera yokha.

Chachiwiri, pitani kwa amfumu, kapena tumani munthu wamkulu wa m'banja. Afunseni kuti ndani ali m'komiti yoona za ngozi m'deralo, dzina lilowe m'kaundula pamodzi ndi nambala ya NRC. Apa gwirizanani msanga kuti kulembedwe dzina la ndani. Abale amadana chifukwa cha nkhani yomweyi.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, onanani ndi mlangizi wa ziweto wa kempu yanu (dera lomwe amayang'anira), wa Unduna wa Nsomba ndi Ziweto. Iyeyu ndiye amatumiza lipoti ku ofesi ya ziweto ya paboma. Ng'ombe ikafa, muitaneni isanasendedwe. Nyama yofa yokha musadye kapena kugulitsa. Anthrax ya mu 2023, nthenda ya ziweto yomwe imagwiranso anthu, idagoneka anthu ambiri m'zipatala chifukwa cha nyama zoterezi. Mufunseninso za katemera ndi dibi, poti ng'ombe yanjala sichedwa kugwa ndi matenda a nkhupakupa.

Mukafuna kusamutsa ziweto kupita komwe kudakali udzu, tengani kaye chilolezo ku ofesi ya ziweto. Popanda pepalalo, lole imathera pa rodibuloko.

Tsono musayembekezere kuti wina adzakuwerengerani ndalama pa ng'ombe iliyonse yakufa. Mu 2024 thandizo lambiri lidabwera ngati chimanga, ndalama za m'manja kwa mabanja ovutika, ganyu wolipidwa ndi boma, ndi mijigo. Ngati vuto ndi madzi omwetsa, gwirizanani alimi angapo mukapemphe mjigo kapena damu kudzera mu CDF, thumba la ndalama za chitukuko cha dera la phungu wanu, kuyambira ku komiti ya chitukuko ya wadi yanu. Pempho la gulu limamveka kuposa la munthu mmodzi.

Poyembekezera, mapesi asatenthedwe, masamba a mtedza aunjikidwe pathandala. Ng'ombe zokalamba gulitsani zikadali ndi mnofu, ndalamayo igule gaga wa zazikazi ndi ziwiri zolimira zija. Mukachedwa mpaka Okutobala, ogula adzakutchulirani okha mtengo, ng'ombe ili chogona.