Momwe mungasankhire kapepala kotsatsira malonda koyenera kasitomala aliyense

Amalonda ambiri amasindikiza timapepala ta mtundu umodzi n'kumagawira aliyense, chonsecho munthu amene sakukudziwani ndi amene watsala pang'ono kulipira safuna uthenga wofanana. Tiyerekeze kuti mumagulitsa zipangizo za magetsi a sola.

Yambani ndi kapepala kosapinda, theka la pepala la A4, kongodziwitsa anthu kuti mulipo. Ikanipo chithunzi chimodzi chooneka bwino, malo amene mumapezeka ndi nambala ya WhatsApp yolembedwa mokulitsa. Kameneka ndi kogawa mumsika kapena pa chionetsero cha zamalonda ku Chichiri, ndipo kasakudyereni ndalama zambiri chifukwa ambiri amakataya tsiku lomwelo.

Munthu akabwera kudzafunsa, mpatseni kapepala kopinda kawiri, komwe kamakhala ndi timasamba 6, ndipo apa m'pofunika kufatsa. Tsamba lapamwamba linene vuto limene mukuthetsa, monga kuthimathima kwa magetsi, osati mbiri ya kampani yanu. Masamba am'kati ayankhe mafunso amene makasitomala amafunsa tsiku ndi tsiku: batire limasunga moto maola angati, lingayatse mababu angati, lingayendetse filiji kapena ayi, nanga likawonongeka amakonza ndani. Kumbukirani kuti kapepalaka kamakafika kunyumba, komwe mwamuna kapena mkazi wa kasitomalayo, yemwe inu simunalankhule naye, adzakawerenga asanagwirizane zotulutsa ndalama, choncho lembani m'chinenero chimene banjalo limalankhula.

Kabuku kofotokoza katundu wanu yense ndi kodula kusindikiza, kotero kasungireni ogula zambiri monga sukulu, mipingo ndi mabungwe.

Mitengo musaiike m'kabukuko kapena pa kapepala kopinda. Pamene kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yosindikizidwa kale idasanduka bodza, ndipo kasitomala akaona mtengo wofufutidwa ndi cholembera amayamba kukukayikirani. Konzani pepala la mitengo lapadera lokhala ndi deti komanso njira zolipirira, kaya Airtel Money, TNM Mpamba kapena banki, ndipo muzilipereka pomwe munthu wasankha chimene akufuna.

Musanasindikize timapepala tambiri, tulutsani kamodzi, kapindeni ndi manja anu, ndipo muonetsetse kuti tsamba lolowa mkati ndi lochepako ndi mamilimita awiri kuti lisakwinyike. Kenako imbani nambala yomwe yalembedwapo kuti mutsimikize kuti ikulira pa foni yanu.