Momwe mungazindikirire, kusanja ndi kusunga miyala yogwa kuchokera kumwamba

Kuwala kumene timakuona usiku n'kumati nyenyezi yathothoka kumachokera ku mwala kapena chitsulo chimene chikupsa polowa mumpweya wozungulira dziko lathu, ndipo chidutswa chimene chapulumuka n'kufika pansi ndicho meteorite. Kuno ku Malawi mwala wotere unagwa ku Zomba mu 1899, ndipo wina wolemera makilogalamu oposa 90 unagwa ku Machinga mu 1981. Yambiri mwa miyalayi yakhalapo zaka pafupifupi 4.5 biliyoni, choncho aliyense wofuna kuitolera ayenera kuchita zinthu mosamala.

Yambani ndi kudziwa malo oyenera kusakako. Malo ouma, opanda udzu wambiri komanso a dothi loyererako ndiwo abwino, chifukwa mwala wakuda umaonekera patali ndipo suchita dzimbiri msanga; n'chifukwa chake miyala yochuluka yapezeka m'chipululu cha Sahara ndi ku Antarctica. Kwathu kuno nthawi yabwino ndi chilimwe, anthu atakolola. Pemphani chilolezo kwa mwini munda kapena kwa mfumu musanayambe kusaka.

Mukaona mwala wokayikitsa, musathamangire kuutola. Ujambuleni uli pomwepo, lembani tsiku, dzina la mudzi ndi manambala a GPS a pafoni yanu, kenaka muuike m'pepala la pulasitiki loyera. Kwa ine ili ndilo gawo lofunika koposa, pakuti mwala umene sukudziwika komwe unatoledwa umachepa phindu kwa asayansi ndi kwa ogula omwe.

Kuyesa koyamba mungakuchite pakhomo. Meteorite yogwa kumene imakhala ndi khungu lakuda lopyapyala, lopangidwa ndi moto, ndipo ina imakhala ndi maenje osalala ngati dongo lodinidwa ndi chala. Kawirikawiri imalemera kuposa mwala wamba wofanana nayo kukula, ndipo yambiri imakoka maginito amene mwawamangirira ku ulusi. Koma maginito pawokha amanamiza, chifukwa miyala ya mtapo wachitsulo nayonso imawakoka. Khulani mwalawo kumbuyo kwa thailosi, kumene kulibe utoto: mzere wofiira moderapo umasonyeza hematite, wakuda umasonyeza magnetite (yonseyi ndi miyala ya mtapo wachitsulo), pamene meteorite siisiya mzere wooneka bwino. Chenjeraninso ndi zotsalira za m'ng'anjo zimene makolo ankasungunuliramo chitsulo, zomwe zimapezeka m'madera ambiri. Zimenezi zimakhala ndi timabowo ta thovu, chinthu chimene sichipezeka kawirikawiri mu meteorite. Kunena zoona, miyala yambiri imene anthu amatola imalephera pamayeso amenewa, ndipo palibe chifukwa chokhumudwira.

Mwala ukapambana mayesowa, palani pang'ono pangodya ndi tupa kuti muone mkati, poti m'menemo ndi momwe mumasonyeza gulu lake. Magulu akuluakulu ndi atatu. Gulu loyamba ndi la ma meteorite amwala, osati achitsulo; miyala imeneyi ndiyo yochuluka, yoposa 90 pa 100 iliyonse ya imene yaoneka ikugwa, ndipo yambiri ndi ma chondrite, okhala ndi timibulu tozungulira pamodzi ndi timadontho tonyezimira tachitsulo. Yopanda timibuluto ndi ma achondrite, ndipo ina mwa iyo inachokera kumwezi kapena ku Mars. Gulu lachiwiri ndi la chitsulo chosakanikirana ndi mtundu wina wa chitsulo wotchedwa nickel, chimene akachidula, kuchisalaza ndi kuchipaka asidi kawirikawiri chimaonetsa mizere yopingasana yotchedwa Widmanstätten. M'gululi muli Hoba ya ku Namibia, yolemera pafupifupi matani 60, ndi Mbozi ya kummwera kwa Tanzania, kufupi ndi malire a Chitipa. Gulu lachitatu, la mwala wosakanizika ndi chitsulo, ndi losowa kwambiri.

Kusanja kwa pakhomo n'kongoyerekeza chabe. Kaonetseni mwalawo kwa akatswiri a miyala, monga a dipatimenti ya Geological Survey ku Zomba. Kuti ulembedwe m'kaundula wa Meteoritical Society, bungwe la padziko lonse la ofufuza miyalayi, uyenera kupimidwa mulabotale, ndipo mwini wake amapereka magalamu 20 kapena gawo limodzi mwa magawo asanu a mwalawo, kutengera chomwe chili chochepa, kuti chisungidwe kosatha. Dzina lake limatengedwa ku malo apafupi ndi pomwe unapezeka, osati kwa munthu woutola.

Posunga, mdani wamkulu ndi chinyezi. Musautsuke ndi madzi, ndipo musamaugwiregwire ndi manja chifukwa mchere wa m'thukuta umayambitsa dzimbiri. Uikeni m'kabokosi kotseka bwino limodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timapezeka m'makatoni a nsapato, ndipo kakhadi ka nambala, kulemera ndi komwe unachokera kasalekane nawo.

Ngati mukugula kuti muwonjezere pa miyala yanu, funsani dzina lovomerezeka ndi kulifufuza m'kaundula uja pa intaneti. Dziwaninso kuti mayiko monga Namibia ndi South Africa amateteza miyalayi mwalamulo, kotero kuitulutsa kunja popanda chilolezo cha boma ndi mlandu.