Momwe mungaphunzirire mawu a Chingerezi a pa boti, kuyambira pa bwato lanu lomwe

Ku Chembe, ku Senga Bay ndi ku Nkhata Bay kuli anyamata amene anakulira m'madzi. Akangoona mtundu wa nyanja m'mawa amadziwa ngati mwera uwombe kapena ayi, ndipo injini ikatsokomola amadziwa pamene pavuta asanaitsegule n'komwe. Koma mlendo wochokera kunja akafunsa funso laling'ono la boti, amangoloza ndi chala. Mapeto ake ntchito yonyamula alendo, kapena malo ku sukulu ya za pamadzi ya ku Monkey Bay, amatenga wina amene nyanja saidziwa kwenikweni koma pakamwa pali mawu. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa mawuwo si ambiri, ndipo munthu wodziwa kale boti angawagwire m'masabata ochepa. Njira imene ndimaikhulupirira ndi iyi.

Choyamba: dziwani dzina la chimene mwakwera

Musayambe ndi dikishonale. Yambani ndi chombo chimene mumachiona tsiku ndi tsiku. Bwato losema pa mtengo ndi "canoe", ndipo mukafuna kutsindika kuti ndi la mtengo umodzi wogoba mkati mumati "dugout canoe". Boti la matabwa lija asodzi a usipa amamangirira injini kumbuyo ndi "boat". Sitima yaikulu ndi "ship", ndipo ikakhala yoti ntchito yake ndi kunyamula anthu ndi katundu pa njira imodzimodzi mobwerezabwereza, ndi "ferry". Liwu lokuta zonsezi ndi "vessel", ndipo mudzalipeza kwambiri m'malamulo ndi m'makalata a boma.

Zilembo zija MV zimene zimatsogolera dzina la Ilala zimaimira "motor vessel", chombo choyendera injini. Sitimayi inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949, anaibweretsa m'zidutswa n'kudzailumikiza kuno, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Mukamva mzungu wachikulire akuitchula "she", musadabwe ngati akunena za mayi wina. Ndi chizolowezi chakale cha amalinyero kutchula sitima ngati mkazi. Inu mukanena "it" simunalakwe.

Chachiwiri: imani m'boti, nkhope kutsogolo

Apa ndiye pagona nkhani, choncho musathamange. Kutsogolo kwa boti ndi "bow", ndipo amatchula kuti "bau", osati "bo". Kumbuyo ndi "stern". Mutayang'ana kutsogoloko, mbali ya kumanzere kwanu ndi "port", ya kumanja ndi "starboard".

Wina angafunse kuti bwanji osangoti "left" ndi "right". Taganizani anthu awiri m'boti, wina wakhala pa injini akuyang'ana kutsogolo, wina akukoka khoka atafulatira. Kumanzere kwa uyu ndi kumanja kwa uyo. Pakabwera chinthu choti achilewe mwachangu, woyamba n'kufuula kuti kumanzere, wachiwiri adzayang'ana kolakwika. "Port" ndi "starboard" si mbali za munthu, ndi mbali za boti, ndipo sizisintha ngakhale mutatembenuka kangati.

Mawuwa ali ndi mbiri yothandiza kukumbukira. Kale ku Ulaya ngalawa ankaziwongolera ndi nkhafi yaikulu yomangidwa mbali ya kumanja, popeza anthu ambiri amagwiritsa dzanja lamanja. Mbali imeneyo inatchedwa mbali yowongolerera, ndipo m'pamene panachokera "starboard". Pofika padoko ankagunditsa mbali inayo kuopa kuthyola nkhafi ija, ndiye mbali ya kumanzere inakhala ya kudoko, "port". Ngati mbiriyi ikukutalikirani, werengani zilembo: "port" ali ndi zilembo 4, "left" alinso ndi 4.

Kenako onjezani nyali. Usiku sitima imayatsa nyali yofiira ku "port", yobiriwira ku "starboard", ndi yoyera kumbuyo. Lamuloli ndi la dziko lonse lapansi. Msodzi amene ali pa nyanja usiku akaona yofiira ndi yobiriwira pamodzi adziwe kuti chombocho chalunjika pa iye. Ichi si Chingerezi chokhozera mayeso chabe, ndi chopulumutsa moyo.

Chitani chonchi kwa masiku atatu: nthawi iliyonse mukakwera, gwirani mbali iliyonse n'kuitchula mokweza. Ngati muli kutali ndi nyanja, jambulani boti pansi ndi kamtengo, imani pakati, mnzanu azitchula liwu inu muzilumphira mbali yake. Ana amachigwira msanga chifukwa sachita manyazi.

Chachitatu: gwirani chiwalo chilichonse ndi dzanja

Thupi la boti lokhudza madzi ndi "hull". Msana wake wapansi ndi "keel". Pamwamba poyenda anthu ndi "deck". Nangula ndi "anchor", mlongoti ndi "mast", thanga ndi "sail". Tsigiro, lija owerenga Baibulo amalidziwa kuchokera m'kalata ya Yakobo, ndi "rudder", ndipo chogwirira chake ndi "tiller". Injini yomangirira kumbuyo ndi "outboard engine", ambiri amangoti "outboard". Chingwe pamtunda ndi "rope", koma chikakhala pa ntchito m'boti amalinyero amakonda kuti "line".

Chenjerani ndi mawu amene mumawadziwa kale koma akalowa m'sitima amasintha tanthauzo. "Bridge" pamtunda ndi mlatho, m'sitima ndi chipinda chapamwamba chimene kaputeni amayendetsera. Khitchini ya m'sitima ndi "galley". Chipinda chogona ndi "cabin". "Berth" ali pawiri: bedi la m'sitima, komanso malo amene sitimayo imaima padoko. Ogwira ntchito onse pamodzi ndi "crew".

Chachinayi: pamene Chichewa chili ndi liwu limodzi, Chingerezi chili ndi awiri

Zolakwa zambiri zimene ndimamva zimabadwira pano, ndipo sizichokera ku umbuli ayi. Zimachokera ku Chichewa chabwino chimene tikuchinyamula n'kuchiika m'Chingerezi.

Tengani kumira. Ife timati boti lamira, timatinso munthu wamira. Chingerezi chimalekanitsa: chinthu chikalowa pansi pa madzi ndi "sink", munthu akafera m'madzi ndi "drown". Choncho "The boat sank" ndi zolondola, "The boat drowned" ayi. Ndipo samalani kwambiri ndi "He drowned", chifukwa womva amamva kuti munthuyo wamwalira. Ngati anamuvuula ali moyo, nenani "He nearly drowned". Uthenga wa pafoni wolakwika pa liwu limodzi lokhali ungalize maliro kumudzi munthu ali moyo kuchipatala.

Kupalasa nakonso. Mukagwira nkhafi m'manja osaimangirira paliponse, monga timachitira pa bwato, mukuchita "paddle", ndipo nkhafiyo dzina lake ndi "paddle" yemweyo. Mukakhala chofulatira n'kumakoka nkhafi ziwiri zokoleka m'mbali mwa boti, mukuchita "row", ndipo nkhafizo ndi "oars". Kupalasa njinga ndi "pedal", liwu lina ndithu ngakhale limamveka mofanana.

Nyanja imene: yathuyi ndi "lake". "Sea" ndi "ocean" ndi za mchere, monga ya ku Beira kapena ku Durban. Mphepete mwa nyanja yathu ndi "shore" kapena "lakeshore"; "coast" asiyireni a kunyanja ya mchere, ndipo mphepete mwa mtsinje wa Shire ndi "bank".

Kukocheza ndiye kuli ndi ana ambiri. Mukakokera bwato pa mchenga ndi "beach the canoe". Mukamangirira boti pa chinthu chokhazikika ndi "moor" kapena "tie up". Sitima ikagunda padoko ndi "dock". Ikaima patali n'kuponya nangula ndi "anchor" kapena "drop anchor". Amene anayendapo pa Ilala kupita ku Usisya kapena ku Ruarwe amadziwa kuti kumeneko sitima siifika pagombe, imaima pakuya n'kutsitsa maboti ake ang'onoang'ono kukatula anthu. Mungafotokozere mlendo kuti "The ship anchors offshore and small boats take us ashore". M'chiganizo chimodzichi mwaphunziramo "offshore", kutali ndi gombe, ndi "ashore", kupita kumtunda.

Otsalawa ngosavuta. Kukapa madzi ndi "bail". Kugubuduzika ndi "capsize". Kutengedwa ndi mphepo injini itazima ndi "drift". Kutitimira pa mchenga kapena kukwera pa mwala ndi "run aground".

Chachisanu: timawu ting'onoting'ono

Pa sitima yaikulu mumati "on the ship", m'bwato mumati "in the canoe". Mukamanena za njira yoyendera, ndi "by boat", popanda "the": "We went to Likoma by boat". Kukwera ndi "board" kapena "get on", kutsika ndi "get off", ndipo pa zikwangwani mudzaona mawu aulemu "embark" ndi "disembark". M'chilankhulo cha amalinyero, pa boti sakonda kunena "drive" ngati pa galimoto. Kuwongolera ndi "steer".

Tsono pali mawu atatu apachibale oti muwalekanitse bwino. "On board" ndi "aboard" ndi kukhala m'kati mwa chombo. "Overboard" ndi kugwera m'madzi kuchokera m'chombo. Kusiyana kwake ndi kwa moyo ndi imfa.

Chachisanu ndi chimodzi: lilime

Ife Achewa "l" ndi "r" timawasinthanitsa popanda vuto, chifukwa m'chilankhulo chathu sasintha tanthauzo. M'boti amasintha. "Rudder" ndi tsigiro, "ladder" ndi makwerero, ndipo zonse ziwiri zimapezeka pa sitima imodzi. "Row" ndi kupalasa, "low" ndi chinthu chapansi. "Crew" ndi anthu, "clue" ndi chizindikiro. Khalani ndi mnzanu, wina azitchula wina aziloza, mpaka khutu lizolowere. Mukhozanso kudzijambula mawu pafoni n'kumadzimvera nokha. Zimachititsa manyazi tsiku loyamba lokha.

Pali ena olembedwa mwina, otchulidwa mwina. "Knot" amayamba ndi "n", "k" samveka. "Buoy", choyandama chija chosonyeza njira kapena malo oopsa, a ku Britain amati "boi". "Quay", khoma la padoko, amati "kii". "Anchor" ndi "anka".

Sindikunena kuti musiye katchulidwe kanu kachimalawi. Asodzi athu anatenga kale liwu lachingerezi n'kupanga "siginala", munthu wa nyali uja pa usodzi wa chilimira, ndipo palibe cholakwika. Chofunika n'chakuti pamene mawu awiri angasokonezeke, womva asakayike.

Chachisanu ndi chiwiri: manambala

Pamadzi mtunda amayeza mu "nautical miles", ndipo imodzi ndi mamita 1,852. Liwiro amayeza mu "knots": "knot" imodzi ndi "nautical mile" imodzi pa ola. Boti loyenda "10 knots" likuyenda makilomita pafupifupi 18.5 pa ola. Musamati "knots per hour", chifukwa ola lili kale m'kati mwa liwulo. "Knot" yemweyo ndi mfundo ya chingwe. M'mabuku akale mudzapezanso "fathom", muyeso wa kuya, mamita pafupifupi 1.8.

Chomaliza: mawu a pangozi, ndi zoti muziyankhula musananyamuke

Ndikanati ndisankhe gawo limodzi loti aliyense aloweze pamtima, ndi ili. Jekete yoyandamitsa ndi "life jacket". Boti lopulumukira ndi "lifeboat". Munthu akagwera m'madzi mumafuula "Man overboard!", kaya ndi mwamuna, mkazi kapena mwana, ndipo mumawonjezera mbali: "Man overboard, port side!" Wofuulayo asachotse maso pa munthuyo, azimulozabe, chifukwa mutu wa munthu pakati pa mafunde a mwera umasowa m'kanthawi kochepa.

Pa wailesi ya VHF, imene zombo zimalankhulirana pamadzi, tchanelo 16 ndi cha pangozi. Moyo ukakhala pachiswe mumati "Mayday" katatu, kenako dzina la chombo, pamene muli, chimene chachitika, ndi chiwerengero cha anthu. Liwuli linachokera ku Chifalansa, ku mawu opempha thandizo. Vuto likakhala lalikulu koma moyo usanafike pachiswe, monga injini yafa ndipo mukutengedwa ndi mphepo, mumati "Pan-pan" katatu. Musaseweretse mawu awiriwa.

Mphepo zathu musazimasulire. Mwera ndi mwera, mpoto ndi mpoto, vuma ndi vuma. Muuzeni mlendo dzinalo n'kumufotokozera: "This is mwera, a strong south-easterly wind. The lake will be rough." Dziwani kuti m'Chingerezi mphepo imatchulidwa ndi kumene ikuchokera, osati kumene ikupita. Nyanja yolusa ndi "rough", ya timafunde todumphadumpha ndi "choppy", yabata ndi "calm".

Tsono lumikizani zonse. Lembani ziganizo zisanu zimene muzinena kwa okwera injini isanalire, ndipo muzinene tsiku lililonse ngakhale okwerawo ndi abale anu: "Welcome aboard. Please put on your life jacket. Two people on the port side, two on the starboard side. Do not stand up while the boat is moving. If anyone falls overboard, shout and keep pointing." Zikakhazikika pakamwa, sinthani manambala malinga ndi anthu amene akwera, kenako onjezani chiganizo chimodzi cha mphepo ya tsikulo ndi china chonena kumene mukakocheze.