Mmene Mungatetezere Mpamba Kuti Okala Yanu Isagwe

Ndalama zimene mumawerenga madzulo mukatseka okala si phindu lokhalokha, ndipo amalonda ambiri amagwa chifukwa choiwala kuti gawo lalikulu la ndalamazo ndi mpamba umene uyenera kubwerera kukapikula katundu wina. Yambani ndi kope. Lembani mtengo umene mwapikulira chinthu chilichonse, kuphatikizapo ndalama ya minibasi kapena kabaza amene wakunyamulirani katunduyo, ndipo mukagulitsa, patulani kaye ya mpamba musanakhudze yotsalayo. Dziikireni malipiro anuanu a pa sabata ndipo musapyole pamenepo. Ngakhale paketi ya shuga imene mwana watenga pa shelefu kuti anthu amwere tiyi m'mawa iyenera kulembedwa, pakuti mpamba umatha mwakachetechete chotero. Ngati makasitomala amalipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, khalani ndi nambala ya bizinesi yokha, yosiyana ndi imene achibale amakupempherani thandizo.

Poika mtengo, musangoyang'ana ndalama imene munagulira dzulo, koma funsaninso imene mudzagulire mukapita kukapikula. Mu Novembala 2023, pamene Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, wamalonda amene anapitiriza kugulitsa sopo ndi mafuta ophikira pa mtengo wakale ankaona katundu akuyenda malonda n'kumasangalala, koma atabwerera kwa omupikulitsa anapeza kuti ndalama yakeyo siingadzazenso mashelefu omwe aja.

Komabe kukweza mtengo moyenera n'kosiyana kwambiri ndi kubera anthu. Kupinda pansi pa mbale yoyezera ufa, kusokoneza sikelo kapena kubisa deti la katundu wotha nthawi kumabweretsa timakwacha tochepa lero, koma mayi amene wazindikira kuti mchere wake waperewera sadandaula pamaso panu, amangoyamba kugula kwa mnzanu wapafupi ndipo amauzanso anzake pa mjigo. Sikelo yanu ikhale yoyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards.

Mukafuna kuwonjezera katundu, pewani katapila, chifukwa chiwongola dzanja chake chimaposa phindu la okala yaing'ono. Ngati mukukongola ku banki mkhonde, werengerani kaye m'kope lija ngati phindu la mwezi umodzi lingabweze gawo la ngongole la mweziwo popanda kukhudza mpamba, ndipo ngati silikukwana, dikirani kaye.